Kutolera Mapositikhadi Akale a Zikondwerero: Yambirani Kumbuyo kwa Khadi

Khadi loyamba la boma lotumiza pa positi popanda envelopu linatuluka ku Austria-Hungary pa 1 Okutobala 1869. Linalibe chithunzi, kupatula sitampu yosindikizidwa pomwepo. Kanali kapepala kolimba, mbali imodzi keyala, mbali inayo uthenga, basi. Zithunzi zinabwera pambuyo, ndipo zitafika anthu anapenga nazo. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, m'nyumba zambiri za ku Ulaya ndi ku America munkapezeka buku losungiramo makhadi, loonetsa alendo akabwera kudzacheza. Ku America kokha, m'chaka chothera mu Juni 1908, positi inanyamula makhadi oposa 677 miliyoni. Ochuluka ndithu mwa makhadi a nthawi imeneyo anali a mafuno abwino: a Khirisimasi, a Chaka Chatsopano, a Pasaka ndi masiku ena achikondwerero.

Kuchuluka kumeneku ndiye mwayi wa munthu woyamba kumene. Khadi la zaka zoposa 100 si chinthu chosowa ayi, ndipo lambiri mungaligule ndi dola imodzi kapena ziwiri. Koma msampha uli pomwepo. Munthu amakopeka ndi chithunzi, n'kugula, kenako n'kuzindikira mochedwa kuti wagula khadi losindikizidwa dzana, kapena walipira mtengo wa chinthu chosowa pa chinthu chimene chili mbwee. Chithunzi ntchito yake ndi kukopa. Zoona za khadi, zaka zake, kwawo ndi amene analipanga, zili kumbuyo.

Sankhani kagawo kamodzi

Musanatulutse khobidi, dziwani chimene mukufuna kutolera. Kungoti "makhadi a Khirisimasi" n'kutakata kwambiri, ndipo ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chepetsani. Mukhoza kutolera Father Christmas yekha wovala mkanjo wosakhala wofiira. Mukhoza kutolera nkhumba za pa makhadi a Chaka Chatsopano, kapena makhadi a kampani imodzi, kapena a wojambula mmodzi, kapenanso makhadi a chikondwerero chilichonse malinga ali ndi chidindo cha chaka chimene agogo anu anabadwa.

Kagawo kakachepa, diso limazolowera msanga. Mukaona makhadi makumi angapo a mtundu umodzi, mumayamba kudziwa kuti ili limapezeka paliponse, ilo limaoneka mwa apo ndi apo, ndipo wogulitsa uyu wangotchula mtengo wam'mutu mwake. Choncho mwezi woyamba ungothera pa kuona basi. Pa intaneti pali TuckDB, kaundula waulere wa makhadi a kampani ya Raphael Tuck & Sons. Pa eBay, msika wa pa intaneti, mungathe kusankha kuti muone zinthu zimene zinagulidwadi ndi mitengo yake, ndipo imeneyo ndiyo mitengo yoyenera kuikhulupirira, osati imene wogulitsa akupempha.

Tembenuzani khadi

Choyamba kuyang'ana ndi mzere. Makhadi oyambirira analibe mzere wogawa kumbuyo pakati, chifukwa lamulo la positi linkati kumbuyo konse n'kwa keyala ndi sitampu zokha. Wotumiza ankalemba uthenga kutsogolo, pakampata kamene wosindikiza anasiya m'mbali mwa chithunzi, ndipo kampatako kakachepa ankangolemba pachithunzi penipeni. Britain ndi dziko loyamba kulola kugawa kumbuyo, mu 1902. Germany inatsatira mu 1905, ndipo America inalola pa 1 Malichi 1907. Motero khadi la ku America lopanda mzere ndi la 1907 isanafike kapena chakumayambiriro kwake, pamene la ku Britain lokhala ndi mzere likhoza kukhala la 1903. Dziwani kaye dziko, kenako muwerengere chaka.

Makhadi a ku America ali ndi chizindikiro china. Lamulo la pa 19 Meyi 1898 linalola makampani wamba kusindikiza makhadi otumizidwa pa mtengo wofanana ndi a boma, koma anayenera kulembapo mawu akuti "Private Mailing Card". Kuyambira mu Disembala 1901 analoledwa kungolemba kuti "Post Card". Mukaona mawu oyambawo, mwagwira khadi la zaka zitatu zokhazo.

Chachiwiri, funani timalemba tating'ono m'mphepete, tonena kumene khadi linasindikizidwa. Pa makhadi abwino kwambiri a nthawiyo mudzapeza "Printed in Germany", "Printed in Saxony" kapena "Printed in Bavaria", ngakhale uthenga wake uli wa Chingerezi ndipo kampani yake ndi ya ku London kapena ku New York. Osindikiza a ku Germany ndiwo anali akatswiri a mitundu, ndipo makampani a maiko ena ankatumiza ntchito kumeneko. Mu 1909 America inakweza msonkho wa makhadi ochokera kunja kudzera mu lamulo la Payne-Aldrich, ndipo nkhondo ya 1914 inadzamaliza malondawo. Makhadi amene anabwera pambuyo pake, osindikizidwa ku America komweko, ambiri ndi opyapyala, a mitundu yozimiririka, ndipo kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1930 ankasiya mpata woyera kuzungulira chithunzi. A m'ma 1930 ndi 1940 pepala lake lili ndi timizere ngati nsalu, ndipo mitundu yake ndi yowala mopitirira. Onyezimira a masiku anowa anayamba cha mu 1939.

Yesaninso kukula kwake ndi rula. Khadi la nthawi imene tikukambayi nthawi zambiri limakhala masentimita 14 m'litali ndi 9 m'lifupi. La masentimita 15 ndi 10.5 kawirikawiri ndi laposachedwapa.

Chachitatu ndi sitampu ndi chidindo, ngati khadilo linatumizidwapo. Tiyerekeze kuti mwagwira khadi ili. Kutsogolo kuli kambalame ka chifuwa chofiira katatera pa nthambi ya masamba aminga, pansi chipale chofewa. Mukatembenuza, mzere ulipo pakati. Kumanja pamwamba kuli sitampu yobiriwira ya theka la peni, yokhala ndi nkhope ya mfumu yandevu, yadazi, yoyang'ana kumanzere. Ameneyo ndi Edward VII, amene analamulira kuyambira 1901 mpaka 1910, ndipo masitampu ake anayamba kugwira ntchito mu 1902. Chidindo chozungulira chaphimba theka la sitampu, koma mukutha kuwerenga dzina la tawuni, nthawi ya madzulo, "DE 24" ndi "08". Khadili linaponyedwa madzulo a pa 24 Disembala 1908, ndipo wotumizayo sanachedwe ayi, chifukwa masiku amenewo ku Britain makalata ankaperekedwa ngakhale pa tsiku la Khirisimasi lenilenilo. Kumanzere kuli mizere itatu ya inki yofiirira ndi ukalamba, yofunira azakhali mafuno abwino ndi kulonjeza kalata yaitali imene mwina sinalembedwe n'komwe. Zonse zikugwirizana: mzere, mfumu, mtengo, chidindo. Khadi loona limakhala choncho.

Mtengo wa sitampu umathandiza pamene chidindo chafufutika. Ku Britain kutumiza khadi kunali theka la peni mpaka pa 3 Juni 1918, pamene kunakwera kufika peni imodzi. Ku America kunali senti imodzi, kupatula nthawi zochepa monga ya nkhondo, kuyambira Novembala 1917 mpaka pakati pa 1919, pamene kunali masenti awiri. Koma chenjerani: chidindo chimanena tsiku limene khadi linatumizidwa, osati limene linasindikizidwa. Khadi likhoza kukhala m'dilowa zaka zisanu lisanapeze womulembera. Chimene chidindo chimatsimikiza n'chakuti khadilo silinasindikizidwe pambuyo pa tsikulo.

Kwa ife a kuno, sitampu ili ndi phindu lina. Dziko lino la Malawi linkatchedwa British Central Africa mpaka 1907, kenako Nyasaland mpaka 1964, ndipo pakati pa 1954 ndi 1963 panali masitampu a Rhodesia and Nyasaland. Zidindo zimanyamula maina akale: Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Mlanje ndi Cholo ndi Mulanje ndi Thyolo. Mukadzapeza khadi la ana osewera m'chipale chofewa koma lili ndi chidindo cha Zomba kapena Blantyre cha mu Disembala, mwezi wa mvula ndi thukuta, musalisiye. Kutsogolo kwake kungakhale kwa wamba, koma ulendo umene linayenda ndi wosowa.

Tengani galasi lokulitsa zinthu

Galasi lokulitsa kakhumi ndilo chida chokhacho chimene muyenera kugula, ndipo foni ya kamera yabwino ingagwireko ntchito poyembekezera. Makhadi okongola a ku Germany aja ankasindikizidwa ndi miyala yosalala, mtundu uliwonse mwala wakewake, mwina mitundu khumi kapena kuposa pa khadi limodzi. Pansi pa galasi mudzaona timadontho tosiyana kukula, tomwazika mosatsata mzere chifukwa tinkadonthezedwa ndi dzanja, ndi malo ena a mtundu umodzi wokhathamira bwino. Khadi lokopera la masiku ano limaonetsa timadontho tofanana, tondandalikana mwadongosolo ngati timaluwa, ta mitundu inayi yokha: yabuluu, yapinki, yachikasu ndi yakuda. Kapena limaonetsa fumbi la timadontho tosalala ta makina osindikizira a pa kompyuta.

Kenako tsekani maso, mulisisite ndi chala. Makhadi ambiri a zikondwerero anali otukuza: nkhope ya mngelo, masamba ndi malemba zimatuluka pamwamba, ndipo kumbuyo kumakhala maenje a chithunzi chomwecho. Wokopera amajambula mthunzi wa zotukuzazo, koma pepala lake limakhala lathyathyathya. Golide wa pa khadi lakale amathwanima mukalipendeketsa, pamene wa lokopera ndi utoto wachikasu chabe.

Ngati muli ndi katochi kaja koyesera ndalama zachinyengo, kaunikireni khadilo mu mdima. Mapepala ambiri opangidwa kuyambira m'ma 1950 ali ndi mankhwala owalitsa, ndipo amayaka buluu woyera. Pepala la 1908 limangooneka lofooka. Likayaka, libwezeni. Likapanda kuyaka sindiye kuti mlandu watha, popeza alipo mapepala atsopano opanda mankhwalawo.

Pali gulu lina limene galasi silionetsa dontho lililonse. Amenewo ndi zithunzi zenizeni, zotsukidwa pa pepala la zithunzi lokhala ndi kumbuyo kwa positikhadi. Mu 1903 Kodak inatulutsa kamera ya No. 3A yojambula zithunzi za kukula kwa khadi, ndipo mabanja anayamba kutumiza chithunzi cha ana awo ali pansi pa mtengo wa Khirisimasi. Pamalo omata sitampu pamakhala dzina la pepala, monga AZO, Velox kapena Cyko. AZO wokhala ndi tizizindikiro tinayi ta makona atatu toloza kumwamba m'makona mwake ndi wa cha pakati pa 1904 ndi 1918. Tiwiri tikaloza kumwamba, tiwiri pansi, ndi wa cha pakati pa 1918 ndi 1930. Makhadi otere ndimawakonda kuposa ojambulidwa ndi manja, chifukwa ena analipo ochepa okha pa dziko lonse, okwanira abale a banja limodzi.

Tsopano werengani chithunzi

Mukakhutira kuti khadi ndi lakaledi, bwererani kutsogolo. Zithunzi zake zili ndi chinenero chawo, ndipo mukachidziwa mumatha kunena kwawo kwa khadi musanawerenge mawu.

Pa makhadi a Khirisimasi mudzadabwa kuti khola la ku Betelehemu silioneka kawirikawiri. Zochuluka ndi angelo, mabelu, mtengo woyatsidwa makandulo enieni, ana onyamula mphatso, ndi nthambi za mitengo imene imakhala yobiriwira nthawi yozizira. Kambalame ka chifuwa chofiira kaja n'ka makhadi a ku Britain makamaka. Father Christmas wa nthawiyo sanali atakhazikika. Pena ndi wowonda, wovala mkanjo wautali wofika kumapazi, wabuluu, wobiriwira, wofiirira kapena woyera, wanyamula kamtengo paphewa ndi nyali m'manja, akuyenda wapansi. Wofiira analipo kale, ndipo zoti anayambitsa ndi a Coca-Cola si zoona. Zithunzi za Haddon Sundblom zotsatsira chakumwacho zinayamba mu 1931, ndipo zinangolimbitsa chimene chinalipo. Otolera amalipira zambiri pa mikanjo ya mitundu ina ija, choncho mukaupeza wabuluu m'bokosi la makhadi otchipa, musachite phokoso, ingolipirani.

Ku Austria ndi madera oyandikana nako Nikolasi Woyera, amene tsiku lake ndi 6 Disembala, sayenda yekha. Usiku wa pa 5 Disembala amatsagana ndi Krampus, chilombo cha nyanga, lilime lalitali lofiira, maunyolo, mtolo wa zikwapu ndi dengu kumsana lonyamulira ana osamva. Makhadi ake, olembedwa "Gruss vom Krampus", ambiri ndi ofiira ndi akuda, ndipo anthu ankatumizirana moseka. Ku Sweden m'malo mwake mudzapeza timadala tating'ono ta zipewa zofiira, timene wojambula Jenny Nyström anatitchukitsa.

Makhadi a Chaka Chatsopano ndiwo ndingalangize woyamba kumene, chifukwa ndi otchipa ndipo ali ndi zambiri zoona. Nkhani yake yonse ndi mwayi. Nkhumba yonenepa, tsamba la mbali zinayi, chitsulo cha kuphazi kwa hatchi, bowa wofiira wa madontho oyera, munthu wakuda bii ndi mwaye wosesa m'chumuni, matumba a ndalama akukhuthuka: zonsezi ku Germany ndi maiko oyandikana nalo zinkaimira chaka chabwino. Palinso wotchi yoloza 12 koloko usiku, ndi nkhalamba ikupereka malo kwa khanda. Ena analemba chaka chenichenicho ndi manambala akuluakulu opangidwa ndi maluwa kapena timiyulu ta ana, monga 1906 kapena 1909, ndipo kutolera mndandanda wa zaka zotsatizana ndi ntchito yokhala ndi mapeto ooneka.

Pa Pasaka pali mtanda, mwana wa nkhosa ndi maluwa oyera a kakombo, koma anapiye, mazira opakidwa utoto ndi akalulu ndiwo ambiri. Kalulu wake si wochenjera wa m'nthano zathu uja. Ndi wa mwambo wa ku Germany, wobweretsera ana mazira, ndipo amamuveka jekete n'kumupatsa wilibala. Ku France mazira amabwera ndi mabelu a tchalitchi ouluka kuchokera ku Rome, choncho belu la mapiko likuuzani kwawo kwa khadi. Ku Sweden pa Pasaka pamaoneka amayi okwera tsache, atanyamula ketulo ya khofi ndi mphaka. Ndipo mukaona munthu wovala bwino atakumbatira chinsomba chokulungidwa ndi maluwa, ndi khadi la ku France la pa 1 Epulo, tsiku lopusitsana.

Nkhukundembo ndi ya Thanksgiving ya ku America mu Novembala. Zobiriwira, zeze wa ku Ireland ndi tsamba la mbali zitatu ndi za tsiku la Patrick Woyera pa 17 Malichi. Makhadi a malemba a Chiheberi kapena Chiyidishi ofunira chaka chabwino ndi a Chaka Chatsopano cha Ayuda, chimene chimafika mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala.

A Halloween, pa 31 Okutobala, ndi nkhani ina. Pali maungu oboola maso, amphaka akuda, akadzidzi ndi afiti a zipewa zosongoka, zinthu zimene ena kuno sangafune kuzisunga m'nyumba, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka. Kwa eni ake anali masewera a achinyamata, ndipo makhadi ambiri amakamba za chikondi: mtsikana wanyamula kandulo, akuyang'ana pakalilole pakati pa usiku kuti aone nkhope ya amene adzamukwatire. Anasindikizidwa ochepa poyerekeza ndi a Khirisimasi, ofuna ndi ambiri, ndipo abwino amafika madola mazanamazana. Okopera nawo amathamangira komweko. Musayambire apa.

Chinthu chimodzi mudzakumana nacho ndithu. Makhadi ena a nthawiyo, ngakhale a Khirisimasi ndi a Valentine, amajambula anthu akuda monyoza. Ena amawasunga monga umboni wa maganizo a nthawiyo, ena sawakhudza n'komwe. Ganizirani pasadakhale mbali imene muli, kuti wogulitsa asakusankhireni.

Dziwani maina ochepa

Simufunika kuloweza makampani onse. Raphael Tuck & Sons ya ku London imadziwika ndi kachizindikiro ka choimikapo chithunzi ndi kabolodi ka utoto, ndipo inkalemba monyadira kuti ndi yosindikizira banja lachifumu. Likulu lake linapsa ndi mabomba pa 29 Disembala 1940, pamodzi ndi zolembedwa zake, n'chifukwa chake otolera akhala akumanganso mndandanda wa makhadi ake khadi ndi khadi. Zilembo za PFB ndi za Paul Finkenrath wa ku Berlin, wa makhadi otukuza kwambiri. John Winsch wa ku New York ankalemba dzina lake ndi chaka m'munsi mwa chithunzi, ndipo makhadi ake okhala ndi zojambula za Samuel Schmucker ndi ena mwa odula kwambiri. Ellen Clapsaddle, wojambulira International Art Publishing Company, amadziwika ndi ana a masaya ofutuka, ndipo ankasaina dzina lake m'munsi. Frances Brundage nayenso ankajambula ana, a maso akuluakulu. Siginecha ikaoneka mtengo umakwera, choncho yang'anani m'makona onse anayi ndi galasi lija. Lembaninso nambala ya mndandanda, chifukwa makhadi ambiri ankatuluka m'magulu a asanu ndi limodzi kapena khumi ndi awiri, ndipo nambalayo ndiyo idzakuthandizeni kupeza anzake.

Onani zilema musanatchule mtengo

Yambani ndi makona, chifukwa ndiwo amayamba kutha. Pendeketsani khadi pa kuwala kuti muone mikwingwirima ya kupindika. Yang'anani madontho ofiirira a chinyezi, zipsera za m'makona zosiyidwa ndi buku losungiramo, mabala a guluu kumbuyo, inki ya chidindo yodutsira kutsogolo, ndi m'mphepete modulidwa ndi lumo pofuna kubisa kutha. Ogulitsa a kunja amalemba Mint pa khadi longa latsopano, kenako Excellent, Very Good, Good ndi Fair. Lolembedwa Good limakhala litatha ndithu.

Khadi la wamba ligulidwe lili bwino, chifukwa mawa mudzapeza lina. Losowa mukhoza kulilandira ndi chilema chake pa mtengo wotsika. Za kulembedwa kumbuyo otolera amasiyana maganizo. Ena amafuna losagwiritsidwapo ntchito. Ine ndimati lolembedwa, la sitampu ndi chidindo chowerengeka, ndilo labwino kwa wophunzira, popeza limadzichitira lokha umboni.

Kogula

Pa intaneti malo aakulu ndi eBay ndi Delcampe, ndipo wachiwiriyu, wa ku Belgium, ndi wabwino pa makhadi a ku France, Germany ndi a maiko a atsamunda akale. Musagule khadi limene wogulitsa sanaonetse kumbuyo kwake. Pemphani chithunzi, akakana pitani kwina. Werengani mafotokozedwe mpaka pansi, chifukwa mawu akuti "reproduction" kapena "repro", otanthauza khadi lokopera, amakonda kubisala kumapeto.

Kwa amene ali kuno kumudzi, vuto ndi ndalama zakunja ndi mtengo wotumizira, umene kawirikawiri umaposa wa khadi lenilenilo. Gulani angapo kwa wogulitsa mmodzi kuti abwere mu envelopu imodzi, ndipo muuzeni aike pakati pa makatoni olimba. Ngati muli ndi m'bale ku Britain kapena ku South Africa, makhadi azifikira kwa iye, adzabwere nawo pobwera ku tchuthi. Amene muli ku Britain muli pabwino, chifukwa kumeneko kumachitika misika ya makhadi okhaokha, kumene mabokosi amasanjidwa potsata mitu. Pitani ndi galasi lanu, yambirani mabokosi otchipa, ndipo mukatenga ambiri nenererani mtengo.

Kuno kwathu funsani akuluakulu. M'masutikesi akale, m'mabaibulo ndi m'mabuku a nyimbo a mabanja amene anali ndi m'bale ku mishoni, ku nkhondo kapena ku migodi mumatuluka zinthu. Koma khadi la banja la eni si la msika. Pemphani kulijambula mbali zonse ziwiri, ndipo za kugula zibwere ngati eni ake aziyambitsa okha. Mukapeza khadi la malo a kuno limene simukulizindikira, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ndi National Archives ku Zomba ndi malo oyambira kufunsa.

Lembani m'kaundula tsiku lomwelo

Kope wamba likwanira. Khadi lililonse lipatseni nambala, mulembe chikondwerero, kampani, wojambula, nambala ya mndandanda, tsiku la chidindo, kumene linachokera ndi kumene linkapita, zilema zake, ndi ndalama zimene mwalipira. Nambalayo ilembedwe pa kathumba kosungiramo, osati pa khadi. Jambulani mbali zonse ziwiri ndi foni. Mukadzapeza lina lofanana koma labwinopo, loyambalo ligulitseni kapena musinthane ndi mnzanu.

Kasungidwe

Musamate khadi ndi pulasitiki ya moto ija timamatira masatifiketi. Ikamatidwa siichokanso, ndipo khadilo mtengo wake wathera pomwepo. Selotepi, guluu, mphira womangira ndi timawaya togwirira mapepala nazonso ayi. Musamatule sitampu, musafufute zolembedwa, musapukute ndi madzi. Gwirani m'mphepete ndi manja osamba, ouma bwino.

Khadi lililonse likhale m'kathumba kakekake ka pulasitiki ya polypropylene kapena polyester. Pewani ya PVC, yofewa, yonunkha ngati chidole chatsopano, chifukwa imatulutsa mafuta amene amamata ndi kusuluka inki. Aimikeni chilili m'bokosi, osathinana, kuti otukuza aja asaphwanyike. Dzuwa limadya mitundu, makamaka yofiira, choncho ngati mukufuna kukongoletsa pabalaza pa Khirisimasi, sindikizani chithunzi cha khadilo mupachike chimenecho, lenilenilo likhale mu mdima.

Adani aakulu kuno ndi chinyezi, chiswe, mphemvu ndi njenjete. Bokosi lisakhale pansi, lisatsamire khoma lakunja, ndipo lisakhale pamwamba pa wadilopu pafupi ndi malata pamene pamatentha masana n'kuzizira usiku. Bokosi la pulasitiki lotseka bwino ndi labwino, koma mulitseke tsiku louma, ndipo muikemo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala. Timapaketito timakhuta, choncho tisintheni nthawi ndi nthawi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi tsegulani bokosi mwezi uliwonse, mununkhize. Mukamva fungo la chuku, tulutsani makhadi onse, mupatule amene agwidwa, muwayanike pa mthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa. Akauma, sasani chukucho panja ndi kaburashi kofewa, kuchokera pakati kupita m'mphepete, mutavala chotseka pamphuno. Amenewo apatseni timathumba tatsopano, ndipo akhale m'bokosi lawolawo mpaka mvula itatha.